Moto wa M'thumba

Ndinachoka ku Ntcheu ndi moto wokwana,
tabuleti ya mlongo wanga, mphunzitsi, itakhuta mpaka pakhosi,
itakulungidwa m'chitenje pansi pa jumbo ya mtedza.
M'kati mwake munali mawu a amayi,
mphindi zisanu ndi zinayi,
opita kwa mlongo wawo Zakeyu
amene anapita ku Halale ndevu zisanamere, osabwerako.

Pa Limbe ndinagula pawabanki
kwa mnyamata wa jekete yachikopa.
Anati, "Iyi biggie, mpaka Joni osaidyetsa."
Inkalemera ngati njerwa yootcha.
Ndinaikhulupirira chifukwa cha kulemerako.

Basi inali ndi timabowo totchajira pansi pa mpando uliwonse,
tonse takufa, tina atamatamo chingamu.
Pa Zobwe mwana wa mnzanga wapampando analira mosatonthozeka,
ndinamuyatsira zidole zoyenda. Ndani akanamana?
Pa mlatho wa Tete moto unali pa sikisite.
Pa Nyamapanda, mumzere wodinditsa, pa twente.
Ndinalumikiza njerwa yanga ija:
inaphethira kawiri, n'kugona.
Kondakitala anaitumbula ndi mpeni wa malalanje,
kabatire kamodzi konga chala, kwinako mchenga.
Mchenga wa mu Mudi, ine n'kuuwolotsa malire awiri
ngati mwana wobadwa yekha.

Harare anatilandira m'bandakucha, tili ndi dzanzi m'miyendo,
magetsi atapita kokayenda.
Pa Roadport soketi imodzi, anthu asanu ndi awiri
ataizinga ngati chitsime cha mu Okutobala,
aliyense chingwe m'manja, madzi osatuluka.
Yanga inali pa folo.
Ndinaizimitsa, kuopa kuti ingafe ndi mawu m'kamwa.

Ku Mbare, kuseri kwa ogulitsa matayala,
Mai Shupikai anakhala pa kireti,
batire ya lole pakati pa miyendo,
zingwe zitayanga ngati mizu ya kachere,
kasola konga buku la nyimbo kakuyamwa dzuwa padenga.
"Foni dola imodzi. Ichi ziwiri,
chimadya ngati mlamu."
Tinamvana theka Chishona, theka manja.
Ndinalipira dola ndi mtedza wodzaza chipewa.
Ndinakhala pa mwala kuyang'ana nambala ikukwawa,
naini, teni,
monga amayang'anira mpunga anthu a pamaliro.
Pa twente-wani mitambo inabwera, mzere unakula,
anandizula.

Nyumba ya malume ku Mufakose ndinaipeza ndi kufunsa.
Pakhonde mpando wa waya, pampando munthu wowonda,
maso atayera ndi ng'ala.
Ndinali nditasunga nkhope ya amayi ulendo wonsewu,
chitenje chawo cha ku Mvano, mpango womanga bwino,
koma wooonayo panalibe.
Ndinachepetsa kuwala mpaka galasi lade bii,
ndinakweza mawu okha.

"Zakeyu, ndine Eneresi. Ukadali moyo?"

Anagwira m'mphepete mwa mpando.
Amayi anatchula omwe anapita:
Filipo, Dolika, Abiti wa kuchigayo,
mtengo wa mango umene unagwa chaka cha Namondwe,
ngongole ya mbuzi imene anaikhululuka kalekale.
"Bwereza," anatero malume, lilime litapindikira ku Chishona.
Ndinabwereza.
"Bwereza."
Kachitatu, amayi ali pakati pa kunena kuti
"malo ako pafupi ndi bambo tinakusungi..."
galasi linazima.

Ndinayamba kupepesa, kunena za mchenga, za mitambo,
za magetsi amene mwina abwera pakati pa usiku.
Sanandimve.
Anatenga tabuleti ija m'manja awiri,
naikhazika pachifuwa, pansi pa juzi yong'ambika.
"Ikadali yofunda," anatero.
Tinakhala choncho mpaka inazizira,
ine ndikuwerenga m'mutu madola otsala
ndi mtunda wobwerera kwa Mai Shupikai.